Fizi Inachokera M'chigafa, Koma Tebulo la Fodya Lichoke pa Yunivesite

Mwana wa mchemwali wanga ali chaka chomaliza pa yunivesite, akuchita zaulimi. Mwezi wathawu anafika kunyumba atavala tisheti yatsopano, m'manja muli kapepala kosalala kamitundumitundu. Kusukulu kwawo kunali tsiku lija limene makampani amabwera kudzaimika matebulo m'holo kuti aonane ndi ophunzira amene atsala pang'ono kuvala gauni. Iye anazungulira matebulo onse, koma pamene panali mzere wautali kwambiri panali pa kampani ina ya fodya. "Amalume," anatero akundipatsira kapepalako, "akuti akandilemba andipatsa njinga yamoto yoyendera alimi, komanso azindilipirira kuchipatala. Inu mukuona bwanji?"

Ndinakawerenga kawiri. Panali chithunzi cha mtsikana atavala jombo ali m'munda wobiriwira, china cha mitengo yongodzalidwa kumene, china cha ana asukulu akumwetulira pamjigo. Mawu akuti "ndudu" sanalembedwe paliponse. Akuti "kusuta" nawonso munalibe.

Ndinene kaye kumene ndikuchokera, kuopa kuti wina anganditenge ngati munthu wam'tauni amene fodya amangomuonera pamalole opita ku Kanengo. Ndinakulira ku Kasungu, ndipo fizi yanga ya kusekondale inachokera m'chigafa. Ndikudziwa kuthirira nazale kusanache, ndikudziwa kusoka fodya mpaka msana kuuma gwa, ndikudziwa phula lakuda lija limene limamatirira m'zala moti ngakhale usambe ndi sopo, nsima imawawabe m'kamwa. Ndikukumbukanso masiku amene tinkathyola masamba akadali ndi mame, n'kubwerera kunyumba mutu ukuzungulira, m'mimba muli nseru, amayi n'kumati mwina ndi malungo. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti chinali chikonga chimene chinkalowera pakhungu. Bungwe la Plan International litafufuza m'minda ya fodya kuno mu 2009, linapeza kuti mwana wogwira masamba tsiku lachinyontho akhoza kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi cha ndudu 50. Ife sitinkadziwa zimenezo. Tinkangodikira kuti mabelo agulidwe ku okushoni, abambo abwere ndi shuga, nsapato ndi ndalama yakusukulu.

Choncho mlimi wa fodya ndi m'bale wanga, ndipo sindingamunyoze. Komabe maganizo anga ndi akuti makampani a fodya asamaloledwe kuimika tebulo, kugawa matisheti kapena kusaka antchito mkati mwa mpanda wa yunivesite, makamaka yunivesite ya boma. Wophunzira amene akufuna ntchito kumeneko apite, ndi ufulu wake, ndipo pasapezeke womuloza chala. Mlandu wanga uli ndi amene amatsegula geti.

Taganizani. Kampani yaikulu sisowa njira yolengezera ntchito m'dziko muno. Ikangoika kachidziwitso m'nyuzipepala kapena pa intaneti, maenvelopu a khaki amadzaza ofesi sabata isanathe. Nanga n'chifukwa chiyani imawononga ndalama pa galimoto, matenti, zakumwa ndi antchito kuti ikaswere m'holo ya sukulu? Galu wamkota sakandira pachabe. Chimene imakagula kumeneko ndi dzina la yunivesiteyo. Tebulo lake likaima pakati pa la banki ndi la bungwe lothandiza anthu, pansi pa chizindikiro cha sukulu, wachinyamata amatolapo phunziro limene palibe mphunzitsi amene analilemba pabolodi, lakuti malonda a fodya ndi malonda ngati ena onse, aulemu wake, ovomerezeka ndi akuluakulu a maphunziro. Kwa makampani amene m'mayiko ambiri analetsedwa kutsatsa malonda pawailesi, pa TV ndi pazikwangwani, ulemu umenewu ndi wamtengo wapatali kuposa antchito khumi amene angawalembe tsikulo.

Ndipo si malonda ngati ena onse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo ndi anthu osasuta amene amangopuma utsi wa anzawo. Pafupifupi theka la anthu amene amasuta osasiya, fodya yemweyo ndi amene amadzawatengera kumanda. Galimoto imapha ikachita ngozi, mankhwala amapha ukawamwa molakwika, koma ndudu imapha munthu amene akuigwiritsa ntchito ndendende mmene woipangayo anafunira. Ndipo mwa anthu 10 alionse ogwiritsa ntchito fodya padziko, pafupifupi 8 ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, kumene khansa ya m'mapapo imapezeka mochedwa ndipo chipatala chili kutali.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri pankhani ya yunivesite ndi mbiri ya makampaniwa pa choonadi. Mu 1950 akatswiri awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anaonetsa kuti kusuta kumayenderana ndi khansa ya m'mapapo. Mu Januwale 1954 makampani a fodya a ku America anagula masamba m'nyuzipepala mazanamazana kuuza anthu kuti umboni sunakwane. Kuyambira pamenepo anayamba kulipira asayansi, ambiri a iwo a m'mayunivesite, kuti nkhani yodziwika izioneka ngati yokayikitsa. Kalata ina yamkati mwa kampani ya Brown & Williamson, ya mu 1969, inanena poyera kuti katundu wawo weniweni ndi chikayiko. Mu Epulo 1994 mabwana 7 a makampani a fodya anakweza manja n'kulumbira pamaso pa aphungu a ku America kuti sakhulupirira zoti chikonga chimachititsa munthu kulephera kusiya kusuta, pamene zikalata za m'makampani momwemo zinkasonyeza kuti zimenezo zinali zodziwika kalekale. Mu 2006 woweruza Gladys Kessler wa ku Washington, m'chigamulo cha masamba oposa 1,600, anapeza kuti makampaniwa anagwirizana kunamiza anthu kwa zaka pafupifupi 50. Ntchito ya yunivesite ndi kufunafuna choona ndi kuchinena. Ndiye ikayala mphasa kwa anthu amene chida chawo chachikulu chinali kusokoneza sayansi, ikutukwana ntchito yake yomwe.

Tisaiwalenso zaka za anthu amene amakhala m'holo muja. Lipoti la mkulu wa zaumoyo ku America la mu 2012 linapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 osuta amayamba asanapitirire zaka 18, ndipo pafupifupi onse amakhala atayamba pofika zaka 26. Makampani anadziwa zimenezi kale kwambiri. Chikalata cha kampani ya R.J. Reynolds cha mu 1984 chinanena kuti achinyamata ndiwo okha angalowe m'malo mwa osuta amene akutha, kaya chifukwa chosiya kaya chifukwa cha imfa. Achinyamata amenewo ndi omwe adzaza m'makalasi athu. Ngakhale patebulo pasakhale ndudu ndi imodzi yomwe, dzina ndi chizindikiro cha kampani zimapita kuhositelo pachifuwa cha tisheti, n'kumayenda nazo chaka chonse.

Mkangano umenewu suyambira kuno. Mu 1996 yunivesite ya Cambridge inalandira mapaundi 1.5 miliyoni kuchokera ku British American Tobacco, ndipo anthu anadandaula kwambiri. Mu 2000 yunivesite ya Nottingham inalandira mapaundi 3.8 miliyoni kuchokera ku kampani yomweyo kuti ikhazikitse malo ophunzitsira za udindo wa makampani kwa anthu. Richard Smith, amene panthawiyo anali mkonzi wa magazini ya madokotala ya British Medical Journal, anatula pansi udindo wake wa pulofesa pa Nottingham chaka chotsatira, ndipo akatswiri ena ofufuza za khansa anasamukira kwina. Yunivesite inapeza ndalama, n'kutaya anthu ndi mbiri. Ngati sukulu yolemera ya ku England inagwa m'mayesero otere, kuli bwanji zathu zino zimene zimadikira ndalama ya boma yobwera mochedwa, malabu alibe zipangizo, ophunzira ena akugonera madzi?

Tsopano ndifike pa mfundo imene anzanga amandikanikiza nayo, ndipo ndi yolemera. Amati kuno kwathu makampani ambiri sapanga ndudu, amangogula masamba. Limbe Leaf, imene ili pansi pa Universal Corporation ya ku America, ndi Alliance One amagula, kukonza ndi kutumiza kunja. Mlangizi amene amulemba amaphunzitsa mlimi kusamala nazale, kuthira feteleza pa nthawi yake, kudzala mitengo. Cholakwika n'chiyani pamenepo? Komanso fodya ndiye amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko limapeza pogulitsa katundu. Mafuta a galimoto, mankhwala a m'chipatala, ngakhale mabuku a m'laibulale ya yunivesiteyo, zonsezi zimagulidwa ndi madola amene mbali yake yaikulu imanunkha fodya. Khoswe wakhala pamkhate, ukamuponyera mwala uswa mtsuko.

Ndikuvomereza kuti khosweyo ali pamkhate. Koma tisadzinamize za kumene tsamba limathera. Fodya wa bale amene timalima kwambiri kuno safunidwa kuti akakongoletse nyumba. Amasakanizidwa mu ndudu zimene zimasutidwa kuyambira ku Europe mpaka ku Asia, ndipo amakondedwa chifukwa ali ndi chikonga chambiri komanso amamwa bwino shuga ndi zokometsera zimene amathiramo kuti utsi usakhakhale pammero. Kampani ya JTI, imene imachita mgwirizano ndi alimi kuno, ndi yopanga ndudu yeniyeni, mwini wa Winston ndi Camel kunja kwa America. Mlangizi wa panjinga yamoto uja ndi mphete yoyamba ya unyolo umene mphete yake yomaliza ili pamlomo wa mnyamata wa ku Jakarta kapena ku Cairo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sitingasambe m'manja chifukwa chakuti amene akudwalayo ali kutsidya la nyanja.

Ngakhale titangoyang'ana pakhomo pathu, pali zambiri zimene kapepala kosalala kaja sikanena. Sikanena kuti mu 2009 pulezidenti Bingu wa Mutharika anathamangitsa m'dziko muno akuluakulu ena a makampani ogula fodya chifukwa cha mitengo yotsika imene alimi ankapatsidwa. Sikanena kuti mu Novembala 2019 boma la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo makampani anayamba kuchotsedwa pa chiletsocho mmodzimmodzi kuyambira mu 2020 atasonyeza njira zimene akutsata pothana ndi vutolo. Sikanena kuti mu 2020 alimi ndi ana masauzande a ku Malawi anasumira British American Tobacco ndi Imperial kukhoti lalikulu ku London, mlandu umene makampaniwo akuukana. Sikanena kuti mpaka mu 2021, pamene lamulo la ntchito linasinthidwa, utenanti unali wololedwa, banja lonse n'kumakhala pa esiteti chaka chathunthu likudya ufa wangongole. Wophunzira amene akusankha tsogolo lake ayenera kudziwa zonsezi. Patebulo la kampani sangazimve, ndipo sindikuimba mlandu mnyamata amene waikidwa patebulopo, ntchito yake ndi kukopa. Koma yunivesite imene yapereka holo popanda kuika pambali pake wina wonena mbali inayo yasiya mwana m'manja mwa wamalonda.

Masiku ano chilankhulo chasintha, ndipo apa m'pamene pamafunika maso akuthwa. Philip Morris International imati ikufuna dziko lopanda utsi, ndipo imakopa achinyamata anzeru ndi mawu akuti bwerani mudzatithandize kusintha. Koma kampani yomweyo ikugulitsabe ndudu zoposa 600 biliyoni pachaka. Mu Seputembala 2017 inalonjeza madola 80 miliyoni pachaka ku bungwe latsopano lotchedwa Foundation for a Smoke-Free World. WHO inanena mwezi womwewo kuti sigwira nalo ntchito ndipo inapempha maboma kuti achite chimodzimodzi, kenako mu 2018 masukulu 17 a zaumoyo ku America ndi Canada analengeza kuti sadzalandira ndalama zake. Gawo lina la ndalama zimenezo linafika kuno ku Malawi, kudzathandiza ntchito zofufuza mbewu zina zimene alimi angadalire m'malo mwa fodya, monga za Centre for Agricultural Transformation, komanso kulipirira maphunziro a achinyamata ena. Apa ndimalankhula mosamala, chifukwa soya ndi mtedza wabwino ndi zinthu zimene mlimi akuzifunadi, ndipo amene anaphunzira ndi ndalamazo sanabe. Koma ndi chitsanzo cha mmene dzanja lopatsa limatsekera pakamwa. Mphunzitsi amene labu yake, galimoto ya dipatimenti yake ndi ophunzira ake abwino zonse zikudalira ndalama yochokera ku fodya, adzalimba mtima kulemba kuti mgwirizano wa kampani ukufinya mlimi? Mwina mmodzi adzatero. Ambiri adzangosankha mutu wina wofufuza, popanda wowauza, ndipo sitidzadziwa n'komwe zimene sizinalembedwe.

Pali chinanso chimene akuluakulu a mayunivesite a boma sangachilumphe. Mu Ogasiti 2023 Malawi inalowa m'pangano la mayiko lolimbana ndi fodya la WHO, lija linayamba kugwira ntchito mu 2005, limene tinalikana kwa zaka zambiri. Ndime 5.3 ya panganolo imauza maboma kuti ateteze mfundo zawo za umoyo kuti makampani a fodya asazilowerere, ndipo malangizo ake amanena mosabisa kuti zofuna za makampaniwa ndi zofuna za umoyo wa anthu sizingagwirizanitsidwe. Malangizo omwewo amachenjezanso za mphatso ndi ntchito zachifundo za makampaniwa, kuti ndi njira ina yotsatsira malonda. Ndime 17 imalimbikitsa kuthandiza alimi kupeza njira zina zopezera ndalama. Yunivesite ya boma imayenda ndi misonkho yathu. Sizikumveka kuti boma lomwelo lilowe m'panganoli, liphunzitse madokotala ku yunivesite yake ya zaumoyo ya KUHeS kuti azikachiza matenda a mtima ndi khansa, kenako pasukulu ina yake liyale nsalu patebulo la amene amadyera matendawo.

"Nanga ulova?" Funso limeneli ndimalimva m'mafupa. Ndikudziwa anyamata a digiri amene akuyendetsa kabaza, ndi atsikana amene akugulitsa kaunjika pa WhatsApp satifiketi ili m'sutikesi. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu amene makolo ake anagulitsa mbuzi kuti aphunzire sangamauzidwe za makhalidwe ndi munthu wokhuta. Koma kuchotsa tebulo sikuchotsa ntchito. Ntchitozo zidzalengezedwabe, ofuna adzafunsirabe, kampani idzalembabe chiwerengero chomwecho. Chimene chidzachoke ndi chidindo cha yunivesite chokha. Ndipo malo amene atsale m'holomo adzakakamiza ofesi yoona za ntchito za ophunzira kuti ichite khama, ipite ikagogode kwa a makadamiya, a mkaka, a nkhuku, a mafuta ophikira, makopaletivi a soya ndi mtedza, makampani a mbewu. Mu 2021, potsegulira msika wa fodya, pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera ananena yekha kuti msika wa mbewuyi ukutha padziko lonse ndipo tiyenera kukonzekera moyo wina. Moyo winawo adzaumanga ndani ngati ana athu anzeru kwambiri a zaulimi, chaka ndi chaka, akuyamba atengedwa ndi fodya asanatuluke n'komwe pageti? Kampani imasankha okhoza bwino. Otsalawo ndi amene timayembekezera kuti atipezere cholowa m'malo mwa golide wobiriwirayu.

Ena amati ophunzira ndi akuluakulu, asankhe okha. Inde, asankhe. Koma yunivesite imasankha kale amene angalowe pageti lake ndi amene sangalowe, ndipo palibe amene amati yalanda ufulu wa munthu ikakana wa katapila kudzaimika tebulo. Enanso amafunsa kuti mukayamba ndi fodya mudzalekera pati, nanga mowa, nanga njuga? Mafunso amenewo ali ndi tsiku lake ndipo ndingakonde titawakambirana. Koma fodya ali ndi pangano la mayiko onse lolembedwera iye yekha, ali ndi chigamulo cha khoti chonena za bodza lake, ndipo alibe muyeso umene dokotala angati uwu ndi wosavulaza. Kuvuta kwa malire ena si chifukwa cholekera kulemba malire oonekeratu.

Sindikunena kuti fodya asatchulidwe m'kalasi. Ayi ndithu. Wophunzira zaulimi ku Bunda ayenera kumudziwa fodya kuyambira panazale mpaka pajeke, chifukwa mabanja masauzande ambiri akadali pomwepo ndipo akufunika alangizi odziwa. Wophunzira zachuma awerengetsere kuti pa dola iliyonse ya paketi ya ndudu, mlimi wa ku Dowa amatsala ndi zingati atachotsa ngongole ya feteleza, thiransipoti ndi misonkho ya pamsika. Ngati bwana wa kampani akufuna kulankhula ndi ophunzira, abwere pamtsutso, akhale pampando umodzi, pa wina pakhale dokotala wa ku Queens amene amaona mapapo tsiku ndi tsiku, pa wachitatu mayi amene anakhalapo tenanti, ophunzira afunse mafunso. Zimenezo ndiye za yunivesite. Ndipo khonsolo ya yunivesite iliyonse ya boma ilembe lamulo lomveka pankhaniyi, komanso isindikize poyera ndalama iliyonse yochokera ku fodya imene inalowa m'zaka zapitazi, kaya ya kafukufuku, ya mphoto za ophunzira, kaya ya mpira, ndi zimene woperekayo anapempha posinthana nazo.

Mwana wa mchemwali wanga uja sindinamuletse. Ndinamufotokozera za mutu wozungulira uja ndi phula la m'zala, zimene mayi ake sanamuuzepo, ndipo ndinamuuza kuti akaitanidwa kukafunsidwa mafunso, nayenso akafunse: mlimi akalephera kubweza ngongole chifukwa cha matalala zimatha bwanji, ndani amaika giredi ya belo, ndipo mlangizi akapeza mwana m'chigafa nthawi ya sukulu amayenera kuchita chiyani. Anakhala chete kwa kanthawi akupinda kapepala kaja pakati.

"Nanga amalume, ndikapanda kupeza kwina?"

Ndinamuuza kuti akatero apite, ndipo pakhomo pano adzalandiridwa monga mwa masiku onse. Kenako ndinatenga laputopu, tinakhala pakhonde mpaka magetsi anazima, tikulemba makalata atatu: ina yopita kukampani ya mbewu, ina ku kopaletivi ya alimi a mkaka, ina ku esiteti ya makadamiya. Mayankho tikudikirabe.